Luso lophunzitsa mtsikana kunena kuti "Ayi"

Mlangizi wa maphunziro odziteteza akalowa m'kalasi la atsikana, nkhonya amayamba waziika pambali. Amawaimiritsa mozungulira n'kuwauza kuti aliyense afuule kuti "Ayi!" Poyamba mawu amatuluka ofooka, wina akuseka, wina ataphimba kukamwa, maso ali pansi. Awa ndi ana amene analeredwa kuti wamkulu sayang'anidwa m'maso ndipo pomuyankha umagwada. Ntchito ya mlangiziyu ndi kuwasiyanitsira ulemu ndi mantha, popanda kunyoza makolo amene anawaphunzitsa ulemuwo. Ntchito imeneyi ndimaigomera.

Maphunzirowa amatchedwa IMpower. Anabadwira ku Nairobi, kumene Lee Paiva, mayi wa ku America, ataona nkhanza zimene atsikana a ku Korogocho ankakumana nazo, anayambitsa bungwe la No Means No Worldwide. Kuno ku Malawi maphunzirowa anafika kudzera ku bungwe la Ujamaa Pamodzi. Onse amatenga maola 12, awiri pa sabata kwa masabata asanu ndi limodzi, ndipo alangizi ake ndi azimayi achitsikana amene amalankhula chinenero cha anawo, kotero mwana amamva ngati akucheza ndi achemwali ake.

Nthawiyo ndi yochepa, choncho mlangizi waluso amasankha chofunika. Amayambira m'mutu: kodi ukudziwa kuti thupi lako ndi lako? Kenaka amapita ku maso, kuti mwana aziona msanga pamene zinthu zayamba kupotoka, monga munthu amene akumukokera kumalo kopanda anthu kapena amene akumupatsa mphatso n'kumuuza kuti asaulule. Akatero amafika pa mawu, ndipo apa amakhalitsa. Amamuonetsa kaimidwe: phazi limodzi patsogolo, mawondo opindika pang'ono, manja onse m'mwamba zikhatho zotambasula. Mawu achokere m'mimba, chifukwa a pakhosi amanjenjemera. Amabwereza kakhumi, kamakumi awiri, mpaka kuseka kuja kutha. Amaphunzitsanso kuti kunamiza munthu wofuna kukuchita chipongwe si tchimo. Ukhoza kumuuza kuti achimwene ali m'njira akubwera, malinga upeze mpata wothawa.

Thupi limabwera pomaliza. Mlangizi sapanga mtsikana kukhala katswiri wa nkhonya. Amamuonetsa malo amene ngakhale mwamuna wamphamvu sangawalimbitse: maso, khosi, mphuno, kumaliseche ndi bondo. Amamuuza kuti amenye ndi tsinde la chikhatho, popeza zala zokunga zimathyoka msanga, ndiponso agwiritse chigongono ndi bondo lake. Wina akamugwira pamkono, apotolere dzanja kumene kuli chala chachikulu cha womugwirayo, poti mphamvu ya kugwira imathera pamenepo. Mlangiziyo amanyamula chomenyapo chofewa n'kulola ana amenye ndi mphamvu zonse, kuti thupi lidzakumbukire tsiku limene mutu udzaime ndi mantha. Cholinga chake n'chimodzi: umasuke, uthawe, ukauze munthu wamkulu amene umamukhulupirira.

Chimandikhudza kwambiri ndi m'mene alangizi amayendera mosamala. Amadziwa kuti wochita nkhanza nthawi zambiri ndi wodziwika: chibwenzi, wachibale, woyandikana naye nyumba. Amadziwanso kuti pagulupo pali amene zinawachitikira kale. N'chifukwa chake amanena momveka kuti wolakwa ndi wochita nkhanzayo, kaya mtsikana anafuula kaya anauma ndi mantha. Mwana amene wayamba kulira samukakamiza kupitiriza. Amadikira phunziro lithe, n'kukhala naye pambali.

Zipatso za maphunzirowa zinayesedwa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2018, amene akatswiri a ku yunivesite ya Johns Hopkins anachita m'sukulu 141 za ku Lilongwe, Dedza ndi Salima, anapeza kuti kugwiriridwa kunachepa pakati pa atsikana amene anaphunzitsidwa, pomwe kwa osaphunzitsidwa sikunasinthe kwenikweni. Ku Nairobi, pafupifupi theka la atsikana amene anadzipulumutsa ananena kuti anagwiritsa mawu okha.

Sabata lachisanu ndi chimodzi likamatha, mlangizi amawaimiritsanso mozungulira monga tsiku loyamba lija. Mwana yemwe ankaphimba kukamwa tsopano akuyang'ana mlangizi m'maso, ndipo "Ayi" wake akumveka mpaka kubwalo la mpira. Madzulo akafika kunyumba adzagwadira agogo ake monga mwa masiku onse, koma akudziwa kale amene sayenera kumugwadira.