Sinbad pa Nyanja ya Malawi

M'kanema wa 1958 wotchedwa The 7th Voyage of Sinbad, wamatsenga Sokurah asandutsa Parisa, mwana wa mfumu, kukhala kamunthu konga chala. Mankhwala ake ndi chigoba cha dzira la chimbalame cha pachilumba cha Colossa, kumene kulinso chimphona cha diso limodzi. Anaumba zilombozi ndi Ray Harryhausen.

Kanemayu angathandize okonda sewero la nthano la patebulo, longa Dungeons & Dragons lomwe linatuluka mu 1974. M'seweroli mmodzi amasimba nthano, anzake namasankha zochita, maere nagamula.

Chotolamo chabwino ndi chifukwa cha ulendo: Sinbad sakufuna chuma, wakakamizika. Komabe chilema chilipo. Amalinyero ake alibe maganizo awoawo. Ntchito yawo nkupanduka ndi kufa basi. Patebulo zotere sizingatheke, pakuti aliyense wokhalapo ndi mwini nkhani.

Kuno ku Mangochi sitisowa Colossa. Chilumba cha Boadzulu chilipo, mwera ulipo, ndipo ngalawa za Makanjira zinkaoloka nyanjayi zitanyamula akapolo. Wosewera akhale woyendetsa ngalawa yotereyo, amve kulira kwa omangidwawo, mwera utayamba. Kodi achita chiyani?