Amayi a anyezi a ku Kawale

M'misika ya Kawale, Chinsapo ndi Area 25, amayi ogulitsa anyezi sitiwawerengera ngati amisiri, koma ntchito yawo ndi yaluso. Anyezi wambiri amachokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumisika ngati Lizulu ndi Tsangano. Mayi wozolowera amayamba wafinya khosi la anyezi: likakhala lofewa kapena lonyowa, ameneyo sachedwa kuola. Amasankha wa makoko ouma, n'kumuyala pamthunzi podutsa mphepo, kenaka n'kumuika m'timilu toti ngakhale waganyu agule.

Kamulu kameneko ndi kamene kamakometsa bonya ndi nyemba. Anyezi ali ndi vitamini C ndi B6, potaziyamu, komanso zothandiza kuti chakudya chigayike bwino m'mimba, ngakhale sangalowe m'malo mwa mankhwala a BP kapena shuga. Wofiira, amene timamudya wosaphika pachiwaya pamodzi ndi kabichi, ali ndi michere yambiri yotchedwa quercetin, makamaka m'zigawo zakunja, choncho osamasenda mopyola muyeso. Kukazinga mpaka ade kumaononga vitamini C. Kwa ine, angofiirira pang'ono basi. Misozi imene imatuluka podula anyezi imabwera ndi salufa wa m'kati mwake, ndipo mpeni wakuthwa umaichepetsako.