Kupakira Ngolo ndi Kutsika Nayo Mtsetse

Nyengo yogulitsa chimanga ikafika, tinjira tafumbi tolowa mu Great East Road pakati pa Sinda ndi Katete timadzaza ngolo zopita kumadepoti a FRA, bungwe logula chimanga. Ngolozo sizisiyana kwenikweni: ekiselo ya galimoto yakufa, matayala awiri, bokosi lamatabwa ndi mtanda wautali wokafika pa goli. Kusiyana kuli pa munthu amene wapakira. Mwana wasukulu wa ku Chassa amene akubwereza za mafosi, mayeso a ECZ ali pakhomo, ataima pambali n'kumuonerera sangataye nthawi.

Wodziwa ntchitoyi saponya thumba paliponse. Matumba oyamba amawagoneka pamwamba penipeni pa ekiselo, otsatira amawagawa kutsogolo ndi kumbuyo, kenako amapita kukagwira mtanda n'kuutukula pang'ono kuti amve kulemera kwake m'manja. Amafuna kuti utsamire pa goli pang'ono chabe. Ukalemera kwambiri, makosi a ng'ombe amatupa ndi kuchita zilonda. Ukapepuka n'kuyamba kudzuka, ndiye zaipiratu, chifukwa chingwe chapansi pa goli chimazikanyanga pakhosi ndipo zimayenda zikubanika. Mumamuona akukoka thumba limodzi ndi makutu ake, kulisendeza chikhatho chimodzi basi, n'kubwereranso kukamva mtanda.

M'buku zimenezi amazitcha momenti: fosi kuchulukitsa ndi mtunda wake kuchokera pamene chinthu chikuzungulira. Thumba la makilogalamu 50 limalemera pafupifupi manyutoni 500. Liikeni mita imodzi kumbuyo kwa ekiselo, goli lili mamita 2.5 kutsogolo, ndipo golilo likankhidwira m'mwamba ndi manyutoni 200. Thumba lomwelo likakhala pa ekiselo, goli silimva kanthu. Mkuluyu sanalembepo samu imeneyi, koma yankho lake salilakwa.

Ponyamuka samenya ng'ombe. Amaziitana maina, n'kudikira kuti zonse ziwiri zitsamire pa goli nthawi imodzi, chifukwa imodzi ikatsogola ngolo imapotoka m'malo mopita kutsogolo. Isaac Newton analemba mu 1687 kuti chinthu choima chimakhalabe chiimire, choyenda chimapitirira kuyenda, mpaka fosi ina itasintha zimenezo. N'chifukwa chake mapazi oyamba ndiwo owawa, ndipo matayala akangoyamba kugubuduka mkuluyu amatsitsa mkwapulo. Girisi amene amapaka m'mabering'i m'mawa ndiye amachepetsa kukhulana kuti ng'ombe zisamalimbane ndi chitsulo chouma.

Koma luso lenileni lili pa mtsetse, ndipo kumapiri a ku Vubwi mitsetse siisowa. Pokwera amayenda mokhotakhota, kutalikitsa njira kuti chitunda chifewe, ndipo ng'ombe zikapuma mnyamata amathamanga kukaika mwala kuseri kwa tayala. Potsika zinthu zimatembenuka. Ngolo imene imakokedwa ija tsopano ndiyo ikukankha, goli likusendera kunyanga, ndipo ngolo zambiri zakumudzi zilibe mabuleki. Pamtsetse wotsika mita imodzi pa mamita 10 alionse, matumba 10 amakankha ndi manyutoni pafupifupi 500, osawerengera kulemera kwa ngolo yeniyeniyo. Liwiro likangowonjezeka, mavuto amakula msanga: likawirikiza kawiri, mphamvu yofunika kuithetsa kuti ngolo iime imawirikiza kanayi. Choncho mkuluyu amatsika pangolo asanafike pamtsetse, amamanga chipika kumbuyo kuti chizikhula pansi, kapena kumanga tayala ndi tcheni kuti lizikwekwereka, n'kuyenda kutsogolo kwa ng'ombe akuziyankhula motsitsa mawu. Kukhulana komwe amathamangitsa ndi girisi kuja, apa akuchita kukuitana yekha. Ine ndimaona kuti wophunzira amene wamvetsa izi sadzalembanso kuti kukhulana n'koipa nthawi zonse.

Ngolo ikatitimira mumchenga powoloka mtsinje wouma, anyamata amathamangira kukankha bokosi kumbuyo. Iye amawaletsa. "Gwirani tayala pamwamba, inu!" Pansi pa tayala ndi pamene pakhala potsamira, ndipo dzanja lili pamwamba lili kutali kuwirikiza kawiri kuposa ekiselo, ndiye munthu mmodzi wogubuduza tayala amagwira ntchito ya awiri okankha bokosi. Zikakanikabe, amatsitsa matumba atatu kapena anayi, kuyala nthambi kutsogolo kwa matayala, ndipo kutsidya amapakiranso kuyambira pa ekiselo.