Mwininkhani Ndani? Kupima Malamulo a Chiganizo m'Mabuku Athu a Galamala

Mwana aliyense amene wafika m'makalasi apamwamba a sukulu ya pulayimale adziwa mayina atatu awa monga adziwira mayina a abale ake: mwininkhani, mneni ndi pamtherankhani. Mukamfunsa tanthauzo lake, ayankha mosadodoma kuti mwininkhani ndiye wochita ntchito, mneni ndiwo mawu onena ntchitoyo, ndipo pamtherankhani ndicho chinthu chimene ntchito igwerapo. Awonjezanso kuti atatuwa ayenda motsogozana, monga anthu pa kanjira ka kumunda, mwininkhani patsogolo, mneni pakati, pamtherankhani pambuyo. Umu ndimo tiphunzitsira, ndipo umu ndimo tichongera ntchito ya ana. Koma ine ndifuna kuti aphunzitsi anzanga ndi olemba mabuku tiweruze pamodzi mlandu uwu: kodi malamulo amenewa ndi a Chichewa, kapena tinangobwereka a Chingerezi ndi kuwatcha mayina akwathu?

Nkwabwino kuyamba takumbukira kumene galamala wathu anachokera. Amishoni amene anafika pa Magomero, kufupi ndi Namadzi, m'chaka cha 1861 pamodzi ndi Bishopu Mackenzie, anayamba kulemba mawu a Chimang'anja amene anali kumva. Alexander Riddel anasindikiza galamala wa Chinyanja mu 1880, ndipo David Clement Scott wa ku Blantyre Mission anatulutsa buku lake lalikulu lomasulira mawu a Chimang'anja mu 1892. Anthu amenewa anagwira ntchito yotamandika ndithu, ndipo sindifuna kuwachepsa. Koma tisaiwale kuti analembera Azungu anzawo ofuna kuphunzira chinenero chathu, ndipo iwo eni anakulira pa galamala wa Chingerezi ndi Chilatini. Munthu wotere akamva chiganizo chachilendo, ayamba kufunafunamo zimene anazizolowera kwawo. Pamene Chichewa chinakhala chinenero cha fuko mu 1968, ndi pamene bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, nyumba tinaizira bwino ndi dothi lakwathu, koma mizati ndi phaso zinatsala zomwe zija.

Tiyambe ndi zoyamika. Amene anapeka dzina loti mwininkhani anali munthu wa khutu labwino. Pabwalo la milandu mwini nkhani ndi munthu amene anthu asonkhanira, amene mawu onse aloza kwa iye, angakhale iye mwini ali chete osachita kanthu. Momwemonso m'chiganizo. Dzinali ndi lanzeru, koma taliwononga ndi tanthauzo limene taliphatikapo, loti "wochita ntchito". Taonani chiganizo ichi: Mphika wasweka. Kodi mphika wachita ntchito yanji? Nanga ichi: Mbava yagwidwa. Wogwira ndi wina, mbava yangogwidwa, komabe palibe mphunzitsi amene angakane kuti mbava ndiye mwininkhani. Tanthauzo limene ligwa pa ziganizo zazifupi zotere silingasenze katundu wolemera.

Tsono katundu wolemerayo ndi uyu. Munthu adzuka m'mawa napeza khola lothyoka, nafuula kuti, "M'khola mwalowa fisi!" Chiganizo chimenechi ndi Chichewa chenicheni, chopanda banga. Funsani kalasi kuti mwininkhani ndani, ndipo ana onse amene analoweza bwino adzati fisi, pakuti ndiye walowa. Koma yang'anani mneniyo. Sanati "walowa", anati "mwalowa". Mgwirizanitsi amene ali kumayambiriro kwa mneni sakuloza kwa fisi ayi, akuloza m'khola. Mukasintha malo, nayenso asintha: Pakhomo pafika alendo. Kumudzi kwagwa maliro. Pa Njuli paphwanyidwa miyala yambiri. M'ziganizo zonsezi mneni agwirizana ndi malo, ndiye kuti mwininkhani ndi malowo. Nanga fisi uja akhala ndani? Wina adzati ndi pamtherankhani, popeza ali kumapeto. Iyayi. Pamtherankhani weniweni timatha kumuika m'kati mwa mneni, monga tinena kuti "alenje amupha fisi", koma palibe Mchewa, Mmang'anja kapena Mnyanja amene anganene kuti "m'khola mwamulowa fisi". Fisi ameneyu alibe malo m'mabokosi atatu a buku lathu, ndipo mwana amene walemba kuti mwininkhani ndi m'khola, chifukwa khutu lake lamuuza zoona, ndiye amene timpatsa mtanda wofiira.

Nkhani imeneyi si yaing'ono monga ena angaganizire. Akatswiri awiri, Joan Bresnan ndi Jonni Kanerva, analemba nkhani yaitali mu 1989 yofotokoza ziganizo zotere za Chichewa, ndipo ophunzira za zinenero m'mayiko ambiri amaiwerenga. Iwo anaonetsa kuti si mneni aliyense alola zimenezi. Aneni onena za kufika, kukhala, kugwa kapena kuchitidwa alola, koma mneni wokhala ndi pamtherankhani wake akana. Nchifukwa chake sitinena kuti "m'khola mwagwira fisi mbuzi". Mwana wa zaka 6 wa ku Namitambo sanawerenge nkhani ya akatswiriwo, komabe sadzalakwa lamulo limeneli ngakhale kamodzi. Nzomvetsa chisoni kuti chinthu chimene chatchukitsa Chichewa kutsidya kwa nyanja sitichipatsa ulemu m'kalasi mwathu.

Ndipo pali chifukwa chimene munthu asankhira kuyamba ndi malo. Wobwera kuchokera kumsewu wa Zomba akati, "Pa Namadzi pagwa galimoto," ndiye kuti malowo tonse tiwadziwa, chachilendo ndi galimotoyo. Koma akati, "Galimoto yagwa pa Namadzi," ndiye kuti galimotoyo tinali kuidikira, mwina munali m'bale wathu, ndipo chimene sitinadziwe ndi malo a ngozi. Ife timayamba ndi chimene womvera achidziwa kale, ndi kutsiriza ndi chimene tadza nacho. Buku limene liphunzitsa kuti ziganizo ziwirizi ndi chimodzi, china chowongoka china chopotoka, lisokeretsa mwana pa chinthu chimene makolo ake achita bwino tsiku ndi tsiku.

Pamenepa paonekanso kudzitsutsa kwina. Pa tsamba lina tiphunzitsa kuti pa, mu ndi ku ndi aperekezi, monga timawu tating'ono ta Chingerezi tija. Pa tsamba linanso tiwaika pa magulu a mayina, pamodzi ndi Mu-A-, Chi-Zi- ndi Ka-Ti-. Choona nchiti? Khutu liyankha lokha. Tinena kuti "pakhomo panga pano pakoma", ndiponso "m'nyumba mwanu muja mwada". Mawu amene alamulira anzawo chotere, kuti onse ayambe ndi pa kapena mu, ndi dzina ndithu, monga mudzi ulamulira anzake tikati "mudzi wanga uno wakoma". Akatswiri a zinenero za Chibantu, potsata mawerengedwe amene anayamba ndi Wilhelm Bleek ndi kupitirizidwa ndi Carl Meinhof, amawatcha magulu 16, 17 ndi 18.

Dzina loti pamtherankhani ndilo lindivuta koposa, pakuti linena za malo, kuti nkhani ithera pamenepo. Pa chiganizo choti "Mbuzi zadya chimanga" dzinali likhoza. Koma mayi wopsa mtima pabwalo la mfumu sanena choncho. Iye ati, "Chimanga changa mbuzi zachidya!" Nkhani yathera pa mneni, ndipo pamtherankhani wakhala poyambira nkhani. Chimene chamasula chimanga kuti chichoke kumapeto ndi kachidutswa kaja -chi- kamene kalowa m'kati mwa mneni. Bresnan yemweyo ndi Sam Mchombo, Mmalawi amene waphunzitsa zaka zambiri ku Berkeley, anafotokoza zimenezi mu 1987. Anati pamene kachidutswako palibe, pamtherankhani ayenera kutsatana ndi mneni, ndipo mawu atatu angasanjidwe m'njira 2 zokha. Koma pamene kalipo, njira zonse 6 zitheka. Yesani nokha: mbuzi zachidya chimanga, chimanga zachidya mbuzi, zachidya mbuzi chimanga, ndi zina zotsalazo. Palibe pamene mungasokonezeke ndi kuganiza kuti chimanga chadya mbuzi, pakuti za- aloza kwa mbuzi ndipo -chi- aloza kwa chimanga, kulikonse kumene mayinawo akhala. Mngerezi akasinthanitsa mayina awiriwo, wodya asanduka wodyedwa. Chifukwa chake iye ayenera kuphunzitsa mwana wake mndandanda wa mawu, koma ife tiyenera kuphunzitsa wathu agwirizanitsi.

Komabe ngakhale akatswiriwa sindiwavomereza m'zonse. Kuno kwathu ndimva anthu akuti, "Nsima tadya kale," kapena "Madzi ndatunga," popanda kachidutswa kalikonse, ndipo palibe amene atukula nsidze. Koma tikanena za munthu, khutu likana: titi "mwana ndamuona", osati "mwana ndaona". Ndiye kuti lamulo lawo ligwira zolimba pa anthu, ndipo lilekerera pa zinthu. Mchombo anasonkhanitsa zambiri za kamangidwe ka chiganizo m'buku lake lotchedwa The Syntax of Chichewa, losindikizidwa ku Cambridge mu 2004. Ndi buku lozama, koma lili m'Chingerezi cha akatswiri, monganso galamala wa Mark Hanna Watkins wa 1937, amene anamlemba ku Chicago mothandizidwa ndi Kamuzu Banda akali wophunzira. Nzeru za chinenero chathu zikhala ngati chimanga chosungidwa m'nkhokwe ya mudzi wina. Ndikadakonda kuti a Centre for Language Studies ku Zomba, amene analowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, atitapire zina m'Chichewa chosavuta, choti mphunzitsi wa ku Thumbwe nkuwerenga madzulo amodzi.

Za lamulo loti chiganizo chilichonse chikhale ndi mneni sindichulutsa mawu. Gogo wosimba nthano akati, "Anthu onse kukamwa yasa, bwalo lonse zii," wanena ganizo lathunthu, ndipo mvekero wagwira ntchito imene mneni akadagwira mozizira. Ndiponso liwu limodzi lokha, "sindidzakuiwalani", ndi chiganizo chathunthu chokhala ndi mwininkhani, nthawi, kukana ndi pamtherankhani m'mimba mwake.

Wina adzati, "Ana ndi ana, apatseni lamulo lapafupi, zozama adzazipeza kusekondale." Ine ndiyankha kuti ambiri a ana athu kusekondale safikako, ndipo chimene atuluka nacho pa Sitandade 8 ndicho adzalembera makalata moyo wawo wonse. Zipatso zake tiziona kale m'zimangirizo. Mwana amene panja asimba nkhani mokoma, akagwira cholembera ayamba chiganizo chilichonse ndi wochita ntchito, ndipo akafuna kutsogoza chimanga alemba kuti "chimanga chinadyedwa ndi mbuzi", mobwerezabwereza, ngati kalata yomasuliridwa ku ofesi. Si kuti chiganizocho ncholakwa, koma wataya njira zina zisanu poopa cholembera chofiira.

Ndiponso lamulo loona silili lovuta kuposa labodzalo. Mphunzitsi alembe pabolodi mneni yekha, "zachidya", nafunse kuti, "Za- akuloza kwa yani? Nanga -chi-?" Ana adzatchula mbuzi, nkhuku, mbewa, adzatchula chimanga, chinangwa, chigumu. Kenaka alembe "mwalowa", ndipo adzamva okha akuti m'khola, m'nyumba, m'munda. Mwana wa Chiyao ndi wa Chilomwe, amene ali ambiri m'makalasi a m'boma lino la Chiradzulu, sadzatsalira, pakuti zinenero za makolo awo nazonso zimanga chiganizo ndi agwirizanitsi. Akatero, pamenepo mphunzitsi atchule dzina lija loti mwininkhani, nawauze kuti ndi dzina limene mgwirizanitsi woyamba wa mneni aloza, likhale patsogolo, pakati kapena pambuyo.