Kodi Nyanja ya Mcere Ingaphunzitse Munthu Kulemba Nthano?

Pali mwambo wina wa alembi a mabuku umene anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu ayenera kuudziwa ndi kuuyesa bwino. Alembi a nthano zopeka amaitanidwa kukabindikira pa malo a phee, kawiri-kawiri m'mphepete mwa nyanja, kuti akalembe popanda cowasokoneza. Funso lathu ndi ili: kodi mwambowu ubala alembi eni-eni, kapena ungopatsa mpumulo kwa ocepa amene ali ndi mwai kale?

Tiyeni titenge citsanzo ca bungwe la Caine Prize, limene linayamba kupereka mphotho kwa alembi a mu Afrika m'caka ca 2000. M'caka ca 2015 bungweli linasonkhanitsa alembi 12 ku Elmina, mudzi wa pa gombe la dziko la Ghana, kumene kuli linga limene Apwitikizi anamanga mu 1482, lomwe pambuyo pace linasanduka mosungira akapolo. Mu 2017 msonkhano wotere unacitikira ku Bagamoyo, m'dziko la Tanzania. Dzina limeneli si lacilendo kwa ife, pakuti kumeneko ndiko Chuma ndi Susi anafikitsa mtembo wa David Livingstone mu 1874, atausenza kucokera kwa Chitambo. Kayendetsedwe kace kanali kotere: mlembi ali yense analemba nthano imodzi, nawerengera anzace, alembi okhwima namuongolera; potsiriza nthanozo zinasindikizidwa m'buku limodzi.

Ubwino wa dongosololi suli m'madzi ai, koma m'zinthu zitatu. Coyamba ndi nthawi. Kalaliki kapena mphunzitsi amene aweruka dzuwa litapendeka, napeza ana akulira ndi alendo ali pakhonde, sangathe kusunga nthano yonse m'mutu mwace kufikira itatha. Caciwiri ndi makutu a anzace. Mlembi akakhala yekha amakonda mau ace monga mai akonda mwana wace, osaona cilema. Koma powerenga mokweza pamaso pa anthu odziwa nchitoyo, amamva yekha pamene nthano yatsimphina. Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga. Cacitatu ndi tsiku loikika lotsirizira nchito, pakuti nthano zambiri zimafera m'bokosi cifukwa palibe wozifunsa.

Komatu pali zina zoti tidandaule nazo. Nthano za m'mabuku a bungweli zinatuluka m'Cingerezi. Tsono mlembi amene luso lace liri m'Cinyanja, m'Cibemba kapena m'Citonga angalowe pokhapo wina atamasulira nchito yace, ndipo mcere wa mau umatsalira m'njira. Ndiponso pali ngozi ina yobisika. Munthu akadziwa kuti buku lace likawerengedwa ku London, amayamba kufotokoza nsima ndi cinamwali monga wolankhula kwa mlendo, ndipo owerenga a kwao amaona kuti nthanoyo yawafulatira.

Taonani cinthu cimodzi cotiphunzitsa. Buku la nthano za ku Elmina linachedwa Lusaka Punk and Other Stories, potengera nthano ya Efemia Chela, amene anabadwira m'Zambia. Iye anakhala pa gombe la Ghana, mafunde akuomba pafupi, koma cimene anacilemba cinali ca acinyamata a mu Lusaka. Nyanja inampatsa mpata cabe. Nkhani anabwera nayo m'mtima mwace. Munthu wopita ku malo otere ali cimanja-manja adzabwerako cimanja-manja, ngakhale atagona m'hotela yokongola cotani. M'caka comweco ca 2015 mphotho yeni-yeniyo inapita kwa Namwali Serpell, nayenso wobadwira m'Zambia, cifukwa ca nthano yace The Sack, ndipo ndalama zace, mapaundi 10,000, anagawana ndi anzace amene anapikisana nao.

Tikumbukirenso Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma. Iye analemba buku lace la Nthondo m'cinenero cathu, nalandira nalo mphotho, ndipo mu 1934 linatuluka m'Cingerezi ndi dzina lakuti Man of Africa, womasulira wace ali T. Cullen Young. Apa Cingerezi ndico cinatsata Cinyanja. Mphamvu ya bukulo inacokera ku moyo wa m'mudzi umene mlembiyo anaudziwa kuyambira ubwana wace.

Cotero ciweruzo cathu ndi cakuti misonkhano ya ku gombe iri yabwino, ndipo wina wa inu akaitanidwa apite, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma musakhale pansi kudikira kalata yokuitanani. Zitatu zija, nthawi, makutu a anzanu ndi tsiku loikika, mungazipeze ku Chipata, ku Katete kapena ku Matero. Pezani anzanu anai kapena asanu, pemphani cipinda ca sukulu pa masiku a chuti, panganani kuti pofika Loweruka ali yense abwere ndi nthano yotha. Powerengerana musanyengane, ndiponso musanyozane. Nenani poyera pamene pakoma ndi pamene pafooka. Ndipo lembani m'cinenero cimene agogo anu angacimve mukawawerengera madzulo, pakuti iwo sadzacita manyazi kukuuzani ngati munthu wa m'nthano yanu alankhula monga salankhulira anthu.