Buku la Booth ndi tchalitchi chomwe lachisiya m'mbuyo

Anzanga a m'gulu muno, sabata ino ndabwera ndi buku la Harry Langworthy, Africa for the African: The Life of Joseph Booth, lomwe linatuluka mu 1996. Ndaliwerenga pang'onopang'ono pabenchi, makasitomala akachepa. Ndi lachingerezi, ndipo n'lonenepa zedi.

Chinandikoka ndi gawo la kwathu kuno ku Thyolo. Ambiri tikamadutsa pa Makwasa timangoti Malamulo ndi ya a Adventist kuyambira kale. Ayi ndithu. Booth anatsegula malowo mu 1900 ndi ndalama za a Seventh Day Baptist a ku Plainfield, New Jersey, ndipo ankawatcha Plainfield. Khofi amene ankadalira anakanika, mu 1902 malo anagulitsidwa kwa a Adventist, dzina loti Malamulo n'kubwera mu 1907. Apa wolembayo ndamugomera. Iye ndi mdzukulutuvi wa Booth, koma sanamubisire agogo akewo: munthu wosakhazikika, lero mpingo uwu mawa uja, ngongole zili pambuyo.

Dandaulo langa ndi lakuti Booth akanyamuka, buku limanyamuka naye. Mwina wina anena kuti ndi mbiri ya munthu mmodzi, nanga ndimafuna chiyani? Chabwino. Koma anthu amene analima khofi uja, amene anabatizidwa n'kuyamba kusunga Sabata, mishoni itagulitsidwa iwo anagulitsidwa nayo? A Seventh Day Baptist alipobe m'boma lino, ku Makapwa ndi m'midzi, ndiye kuti alipo ena anagwira chikhulupirirocho azungu atapita.

Kuno ku Masambanjati kuli katchalitchi ka Baptist komwe ndinakulira. Njerwa zake anawumba ndi amayi, malata anagula ndi ndalama za nthochi matenda a chisaka asanathe minda yathu, ena ankachotsa pa malipiro othyola tiyi. Zonsezi palibe pomwe zinalembedwa. Buku la mpingo lili ndi maina a abusa ndi zopereka basi. Agogo amodzi amene ankadziwa kuti anayamba kupempherera pansi pa mtengo uti tinawaika m'manda dzinja lathali, ine ndili kalikiliki ndi tomato, osawafunsa kanthu.

Atsala awiri a msinkhu wawo. Lamulungu likubwerali ndikupita ndi foni yodzaza moto, ndikawajambule mawu. Amene mukudziwa kalembedwe ka mbiri, ndiuzeni mafunso oyambira.