Chikondi Chosemedwa pa Mtengo: Luso la Ziboliboli Zachikhristu ku Mua ndi m'Mbali mwa Nyanja ku Salima

Kusema mitengo ndi luso lakale m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Amisiri a m'dera la Salima akhala akusema mabwato, mitondo, minsi, zipande ndi ng'oma kuyambira nthawi ya makolo. Lero mlendo wochoka m'tauni ya Salima kulowera ku Senga Bay amaona ziboliboli zitayalidwa m'mphepete mwa msewu: njovu, mvuu, bawo, mipando ya mafumu, ndipo pakati pa zimenezi pamapezekanso mitanda ndi zifaniziro za Maria ali ndi mwana wake.

Malo amene kusema kwachikhristu kunakulira kwambiri ndi Mua, m'boma la Dedza, pafupi ndi Mtakataka, chapambali pa msewu wa M5 wochokera ku Salima kupita ku Balaka. Mishoni ya Mua inakhazikitsidwa ndi ansembe a chipani cha White Fathers mu 1902. Mu 1976 wansembe wa ku Canada, Bambo Claude Boucher, amene Achewa anawapatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa pamalopo likulu la chikhalidwe ndi luso la KuNgoni. Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, unali utatsegula kale khomo loti uthenga wachikhristu uzifotokozedwa m'zilankhulo ndi m'maluso a eni dziko. Ntchito za amisiri a ku KuNgoni zili m'matchalitchi ambiri a m'Malawi, ndipo zinafika mpaka ku Munich m'dziko la Germany, m'kachalitchi ka bungwe la Missio.

Mawu amodzi, zikondi zingapo

Chigiriki chinali ndi mawu osiyanasiyana onena za chikondi. Storge ndi chikondi cha pachibale, philia ndi cha mabwenzi, eros ndi cha mwamuna ndi mkazi, ndipo agape ndi chikondi chodzipereka chimene sichiyembekeza malipiro. Wolemba wa ku Britain, C.S. Lewis, anazifotokoza zonse zinayi m'buku lake la mu 1960 lotchedwa The Four Loves. Chichewa chimasenzetsa katundu yenseyu pa mawu amodzi, chikondi, ndipo pofuna kusiyanitsa chimabwereka mawu ena monga chibale, ubwenzi, chinjira, chifundo ndi chisoni. Pa Yohane 21, pamene Yesu akufunsa Petro katatu za chikondi chake, Chigiriki chimasinthanitsa mawu awiri, koma womvera wa Chichewa amangomva kukonda.

Mlaliki amatha kumasulira kusiyana kumeneku ndi pakamwa. Mmisiri wosema alibe mawu. Zimene ali nazo ndi mtengo, manja a anthu amene akuwasema, kumene maso awo apenya, ndi mpata umene wausiya pakati pa thupi ndi thupi. Luso lake limayezedwa pa zinthu zinayi zimenezi.

Mtengo ndi zida

Mitengo yodziwika pa ntchitoyi ndi mbawa, mlombwa ndi phingo. Mbawa ndi yofiirira, yosavuta kusema, ndipo imayenera zitseko, maguwa ndi zithunzi zazikulu zapakhoma. Mlombwa suchedwa kuwala ukasalazidwa ndipo chiswe sichiudya wamba. Phingo ndi wolimba kwambiri, wakuda mkati koma woyererako kunja, ndipo mmisiri wanzeru amasiya mbali yoyerayo kuti ikhale chovala kapena malire a chithunzi. Mtengo wauwisi umang'aluka pouma, choncho ntchito yabwino imayamba ndi kudikira.

Nkhwangwa imagwetsa ndi kudula, kasemasema amatulutsa maonekedwe, mipeni ndi zida zogobera zimalowa m'makona a nkhope ndi zala, kenaka sandipepa ndi polishi zimamaliza. Kusema ndi luso lochotsa. Woumba mbiya akalakwitsa amawonjezera dongo, koma wosema akachotsa kachibenthu sikabwereranso. N'chifukwa chake amaganiza kaye za anthu onse amene adzatuluke mu chipika asanamenye koyamba. Anthu awiri osemedwa pa chipika chimodzi amakhala ndi mitsempha imodzi ya mtengo yodutsa mwa onse awiri, ndipo umodzi umenewu diso limauona ngakhale mwini wake asanauganizire.

Chikondi cha kholo ndi mwana

Chifaniziro chofala kwambiri ndi cha Maria ndi mwana Yesu. Zifaniziro zochokera ku Ulaya zimamuonetsa Maria atanyamula mwana kutsogolo, akumuonetsa kwa anthu. Amisiri ambiri a kuno amamubereketsa mwanayo kumsana ndi nsalu, monga mayi aliyense wopita kudimba kapena kumsika wa nsomba. Kusintha kumeneku kuli ndi tanthauzo lalikulu. Mayi wobereka mwana samuona, amangomumva ndi msana, ndipo manja ake amakhala pa ntchito. Chikondi chotere ndi cha tsiku ndi tsiku, chosalankhula, chodziwika ndi kulemera kwa mwana ndi kutentha kwa thupi. Mmisiri waluso amachionetsa popendeketsa pang'ono msana wa mayi ndi pomangitsa mfundo ya nsalu pachifuwa kuti ioneke kuti ikukoka. Mfundo ikakhala yolobodoka, mwanayo amaoneka ngati wongomatidwa, ndipo chikondi chonse chimathawa.

Yosefe ndi wovuta kumusema. Pakati pa Achewa mwana amawerengedwa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Yosefe akulera mwana amene si wa magazi ake, zimene mwambi umazikhudza ponena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mmisiri akamuika patali, atagwira ndodo ngati mlonda, amangokhala mlendo pakhomo. Akamugwiritsa dzanja paphewa la mayi kapena pamutu wa mwana, woonera amazindikira kuti ubambo umabwera ndi kulera.

Ubwenzi

Kholo ndi mwana amasiyana msinkhu, ndipo chikondi chawo chimayenda kuchokera pamwamba kutsika pansi. Mabwenzi amafanana. Nkhani za m'Baibulo zimene zimapereka mpata woonetsa ubwenzi ndi monga kuchezerana kwa Maria ndi Elizabeti, ulendo wa ophunzira awiri opita ku Emau, ndi asodzi akukoka khoka pa nyanja ya Galileya. Nkhani yomalizayi ndi yapafupi kwa munthu wa ku Senga Bay kapena ku Chipoka, amene amadziwa kuti khoka silikokedwa ndi munthu mmodzi.

Lamulo la luso pano ndi lakuti mitu ikhale pa mzere umodzi ndipo mapewa agundane. Amayi awiri a pachinjira amapenyana ndi kugwirana m'manja. Asodzi sapenyana, onse amayang'ana chingwe, chifukwa ubwenzi wa amuna nthawi zambiri umamangidwa pa ntchito imene akugwirira limodzi. Pali mtundu wina wa chiboliboli, wochokera kwa Amakonde a ku Mozambique ndi Tanzania, woonetsa anthu ambiri atakwerana ndi kugwirizizana pa chipika chimodzi. Kwa Akhristu a m'miphakati chithunzichi n'chosavuta kumva, makamaka popeza msonkhano wa maepiskopi a mu Africa wa 1994 unautcha Mpingo banja la Mulungu. Chiboliboli chotere chimapambana ngati munthu aliyense mmenemo ali ndi nkhope yake ndi ntchito yake. Nkhope zikafanana zonse, chimasanduka mulu wa matupi.

Chikondi cha mwamuna ndi mkazi

Pano ndi pamene luso lachikhristu la kuno lili lochepa mphamvu. Mwambo wa Achewa sulola mwamuna ndi mkazi kukumbatirana pagulu, ndipo zambiri za chikondi chawo, monga mikanda ya m'chiuno, ndi za kuchipinda. Mipingo nayo yakhala yamanyazi pa nkhaniyi, ngakhale Baibulo lili ndi Nyimbo ya Solomo ndi ukwati wa ku Kana, ndipo Papa Benedict XVI m'kalata yake yoyamba, Deus Caritas Est, ya 2005, anaphunzitsa kuti eros ndi agape siziyenera kulekanitsidwa. Mpata umene mpingo wausiya wadzazidwa ndi msika wa alendo, kumene kumagulitsidwa ziboliboli za anthu awiri opanda nkhope, atapindika n'kupanga chithunzi cha mtima. Zimenezi n'zosalala ndi zokongola, koma sizinena kanthu za banja la kumudzi.

Zizindikiro zenizeni zilipo ndipo zikudikira mmisiri. Mkazi wothirira mwamuna wake madzi osamba m'manja, mwamuna wotula mkazi wake mtolo wa nkhuni, nkhalamba ziwiri zokhala pa mphasa imodzi, ankhoswe atakhala mbali iyi ndi iyo ya banja latsopano: zonsezi ndi chikondi cha m'banja m'chilankhulo chimene anthu a kuno amachimva.

Chikondi chodzipereka

Mtanda ndi mayeso aakulu a wosema aliyense, ndipo vuto loyamba ndi la mtengo weniweniwo. Mitsempha yake imayenda motsata kutalika, choncho mikono yotambasuka ikasemedwa pa chipika chomwecho imathyoka msanga. Amisiri ambiri amasema mikono payokha n'kuilumikiza m'mapewa. Ena amafunafuna mtengo wa mphanda, kuti nthambi ziwirizo zikhale mikono yokwezedwa. Njira yachiwiriyi imapereka thupi limodzi lopanda msoko, ndipo mikono imaoneka ngati ya munthu woitana.

Chisankho china chili pa zikhatho ndi pa nkhope. Zala zokhwinyata zimanena za ululu, zikhatho zotseguka zimanena za kupereka. Mmisiri akachulukitsa mabala ndi nthiti, woonera amamva chisoni basi. Akasalaza zonse, mtengo wa chikondicho suonekanso. Mtanda wosemedwa bwino umasunga ziwirizi pamodzi, ndipo nkhope yake ikakhala ya Mmalawi, wopemphera amaona kuti wopachikidwayo ndi mbale wake.

Nkhani ya Yesu akusambitsa mapazi a ophunzira ake imafotokoza chikondi chomwecho mwa njira ya mwambo. Kuno wamng'ono ndiye amagwada, amatsitsa maso, ndi kulandira ndi manja awiri. Mmisiri akagwaditsa Yesu, mutu wake n'kukhala m'munsi mwa mutu wa Petro, aliyense woleredwa pamudzi amazindikira nthawi yomweyo kuti dongosolo la ulemu latembenuzidwa. Ku Mua chikondi chotere chili ndi mbiri yooneka ndi maso, popeza mishoniyi inasamalira odwala khate ndipo ili ndi sukulu ya ana osamva.

Mpata ndi kupukwa

Chinthu chovuta koposa kuchisema ndi chimene palibe. Kunyanja kupukwa n'kodziwika bwino. Asodzi a usipa amapita usiku ndi nyali zawo, ndipo nyengo ya mwera otsala kumtunda sagona tulo. Mabanja ambiri ali ndi wina ku Johannesburg amene amamumva pa foni yokha. Chikhristu chimaphunzitsa kuti pansi pa kupukwa konseku pali njala ya mtima yofuna Mulungu, imene Augustine wa ku Hippo, mwana wa mu Africa, anailemba kalekale.

Wosema amaonetsa kupukwa ndi mpata. Michelangelo, pojambula kulengedwa kwa Adamu padenga la kachalitchi ka Sistine pakati pa 1508 ndi 1512, anasiya kampata kakang'ono pakati pa chala cha Mulungu ndi cha munthu, ndipo mphamvu ya chithunzicho ili pamenepo. Pa mtengo ntchito yotere ndi yoopsa, chifukwa kuboola pakati pa manja awiri kumasiya zala zopyapyala zosachedwa kuthyoka. Nkhani ya mwana wolowerera imamupatsa mmisiri chisankho: asonyeze bambo ndi mwana atakumbatirana kale, kapena atatsala pang'ono kukhudzana. Choyamba chimatonthoza. Chachiwiri chimamusunga woonera m'kudikira, ndipo munthu amene akudikira wake amadzipeza yekha mmenemo.

Zofooka ndi zopinga

Luso limeneli lili ndi adani atatu. Woyamba ndi kubwereza. Chiboliboli chikagulidwa kwambiri, chimasemedwa kambirimbiri mofulumira mpaka manja amasanduka timitengo ndipo nkhope zimafa. Wachiwiri ndi kutha kwa mitengo. Phingo amatenga zaka makumi ambiri kuti akhwime, ndipo mmisiri wodula osabzala ali ndi chikondi cha nkhwangwa, chokoma pokwera. Wachitatu ndi kusamvana za tanthauzo la chifaniziro. Mipingo yambiri, monga CCAP, siika ziboliboli m'nyumba zopemphereramo poopa kupembedza mafano, ndipo Asilamu, amene ndi ambiri m'boma la Salima, nawonso amapewa zifaniziro pa chipembedzo. Mipingo imene imazigwiritsa ntchito imaphunzitsa kuti mtengo supembedzedwa, umangolozera kwa amene wasemedwapo. Choncho chiboliboli chimene chimangoonetsa ukatswiri wa wosema, osakweza maganizo a woonera, chalephera ngakhale pa muyezo wa amene anachiitanitsa.

Muyezo wa ntchito yabwino

Chiboliboli chachikhristu chiyenera kuweruzidwa ndi mafunso ochepa. Kodi mtengo wasankhidwa ndi kuumitsidwa bwino? Kodi manja akuchita kanthu kodziwika? Kodi maso akuloza kumene nkhani ikufuna? Kodi mpata wa pakati pa matupi uli ndi chifukwa? Kuwala kwa polishi ndi kuchuluka kwa zokongoletsa zimabwera pambuyo pa zimenezi. Pa chikondi cha kholo, pa ubwenzi ndi pa mtanda, amisiri a ku Mua ndi a m'mbali mwa nyanja apeza chilankhulo chawochawo, ndipo ntchito zawo zabwino zimaphunzitsa chikhulupiriro ngakhale kwa munthu wosadziwa kuwerenga. Pa chikondi cha m'banja ntchito yambiri ikadalipo. Chiboliboli chabwino ndi chimene munthu akachiyang'ana amadziwa, popanda womuuza, mtundu wa chikondi chimene chasemedwapo.